Jekete la Achiel

Lachitatu, mvula ya ku Ieper ikuwaza pamazenera,
Wannes Callewaert analowa m'sitolo mwanga
atafungatira chikwama ngati mwana wodwala.
Anati: ili ndi jekete la Achiel, agogo a bambo anga,
sajeni, wa nkhondo yaikulu yoyamba.
Denga la nyumba likudontha. Ndiuzeni mtengo.

Ine sindiyamba ndi maso.
Maso ndi opusa, amakopeka ndi mabatani owala.
Ndimayamba ndi mphuno.
Chakale chenicheni chimanunkha chipinda chotsekedwa,
fodya, mafuta a mfuti, thukuta loiwala mwini wake.
Chabodza chimanunkha tiyi,
poti akathyali amaviika nsalu yadzulo m'tiyi
n'kuikwirira m'munda sabata zitatu
kuti ikalambe msanga.
Ili linkanunkha zoona.

Ndinalitembenuza, m'kati kukhala kunja,
chifukwa wonyenga amasesa pabwalo pokha.
Chidindo cha fakitale chinalipo, inki itafwifwa,
nambala zinayi, yachisanu itadyeka.
Njenjete zinaboola mwachisawawa, apa ndi apo,
osati monga abooleramo munthu wa singano yamoto
amene mabowo ake amafola ngati ana a sukulu.
Kumbuyo kwa batani lililonse dzimbiri linalavulira m'nsalu,
malovu a zaka zana.
M'khwapa lamanzere munali chigamba,
msoko wake wokhotakhota ngati njira ya chidakwa.
Zoterezi palibe amazipeka.

Kenako ndinazimitsa magetsi
n'kuyatsa kanyale kanga ka buluu.
Jekete lonse linagona phee mumdima,
koma pamkono, mozungulira nyota za usajeni,
ulusi unawala mbee
ngati mano a munthu wogwidwa akunama.

Ndinadulako kachidutswa, kochepa ngati nsidze.
Machesi.
Thonje likapsa limasiya phulusa.
Aka kanakhwinyata, kanasungunuka,
kanauma kukhala kamkanda kakuda.
Nayiloni.
Pomwe Achiel ankagona m'matope a m'ngalande
ulusi uwu unali usanabadwe.

Wannes anakhala pampando wanga osapempha.
Ndiye kuti ndi labodza?
Ayi, ndinatero. Jekete ndi lenileni. Usajeni ndiwo wadzana.
Wina anamukweza udindo nkhondo itazizira kale,
mwina patapita zaka makumi anayi.

Anakhala duu mpaka basi inadutsa,
zipewa zachitsulo pashelefu n'kugundana.
Kenako anaseka, kuseka kwa m'mphuno:
Azakhali ankati mkuluyo atakalamba
ankadzitsekera kuchipinda usiku woti mawa kuli perete,
atabwereka magalasi ndi singano,
osalola munthu ngakhale kugogoda.

Ndinayang'ananso msokowo.
Wokhotakhota. Mfundo ziwiri kumapeto, yachitatu yongowonjezera.
Ndinabwerera m'khwapa muja, kuchigamba cha m'ngalande:
mfundo ziwiri, yachitatu yongowonjezera.
Dzanja ndi lomwelo.
Koyamba linkanjenjemera ndi chisanu,
kachiwiri ndi ukalamba.

Mabuku anga alibe tsamba la zimenezi.
Amangoti: chosinthidwa, dulani mtengo pakati.
Ndinamutchulira mayuro. Sanali okwana denga,
mwina ngodya imodzi ndi chitoliro cha madzi.
Ndinati ndikhoza kumasula nyotazo mosamala,
mtengo ukwereko pang'ono,
msilikali wamba abwerere pamzere wake.

Wannes anapinda mikono ya jekete pachifuwa,
wina pamwamba pa unzake,
monga tichitira ndi omwe tawasambitsa komaliza.
Zaka zinayi m'matope, anatero.
Asiyeni akhale sajeni.

Anatuluka nalo m'mvula muja.
Belu la pachitseko linalira kamodzi.
Ndagulitsa zambiri chichokereni tsikulo,
malamba, nsapato zopanda mnzake, mamendulo a anthu opanda adzukulu,
koma pakauntala, pafupi ndi machesi,
kamkanda kakuda kaja kadakalipo.
Mtsikana wosesa ndinamuuza kuti azikalambalala.